Ndani Adzalankhule ndi Munthu wa Kuseri kwa Phiri?

Pa wayilesi zakale zija, zomwe zina zikadali m'nyumba za makolo athu, pamakhala kabatani kosankhira njira zitatu: MW, SW ndi FM. Mwana wa masiku ano amadziwa njira yachitatuyo basi. Ziwiri zoyambazo, zomwe akatswiri amaziphatikiza pa dzina loti AM, zikuzilala m'mayiko ambiri, ndipo kuno kwathu zikupita mwakachetechete popanda wokhuza maliro ake. Wina anena kuti palibe chodandaulitsa, pakuti khasu likatha timasula lina. Zoonadi, chitsulo si munthu woti tikhale pansi n'kumachilira. Komabe chitsulo chimenechi chinali ndi katundu amene chinkasenza, ndipo funso limene likundisowetsa mtendere ndi lakuti: chikatula katunduyo, amusenza ndani? Kodi munthu wosauka wokhala kuseri kwa phiri, wopanda magetsi, wopanda mayunitsi m'foni, tili naye ngongole ya uthenga, kapena uthenga wasanduka malonda ngati sopo ndi mchere?

Tisanafike pa funsoli, ndi bwino tidziwe kusiyana kwa njirazi. Mafunde a FM amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Amatulutsa mawu oyera bwino, koma akakumana ndi phiri amathera pomwepo. Ife okhala m'boma la Chiradzulu, lomwe lili ndi phiri la Chiradzulu, la Malabvi ndi zitunda zina zambiri, timadziwa kuti wayilesi imene ikumveka bwino pa Njuli ikhoza kumangosokosera ukatsikira m'chigwa china chapafupi pomwepo. Mafunde a MW ndi ena. Masana amakwawa ndi nthaka, kukwera ndi kutsika zitunda. Dzuwa likalowa amakwera mumlengalenga, n'kukagunda mpweya wina wa kutali womwe umawabwezera pansi pa mtunda wa makilomita mazanamazana. N'chifukwa chake usiku wayilesi zakutali zinkamveka ngati zili pakhomo. Kuipa kwake, mawu a AM amathetheka kukachita mphezi, ndipo masiku ano machaja a foni, mababu amakono ndi zipangizo za sola zimawonjezera phokosolo. Makina ake oulutsira mawu amadya magetsi ochuluka, amafuna mlongoti wautali ndiponso mawaya a kopa okwiriridwa pansi, omwe akuba amawakonda.

Pa zifukwa zimenezi mayiko olemera anayamba kale kutseka. Wayilesi za boma za ku Germany ndi ku France zinazimitsa makina awo a MW kumapeto kwa chaka cha 2015. Ku America, komwe matauni ang'onoang'ono akhala ndi wayilesi zawozawo za AM zolengeza maliro, mitengo ya mbewu ndi mpira wa ana asukulu, makampani ena opanga galimoto zamagetsi monga Tesla ndi BMW analeka kuika AM m'galimotomo. Kampani ya Ford itafuna kuchita chimodzimodzi mu 2023, anthu anadandaula kwambiri mpaka inabweza ganizo lake, ndipo aphungu ena anabweretsa bilu yokakamiza kuti AM isachotsedwe. Mfundo yawo yaikulu inali yakuti pa nthawi ya ngozi, magetsi ndi mafoni zikazima, njira yakaleyi ndi imene imatsala ikulankhula.

Kwathu kuno mbiri yake ndi yosiyana. Chiradzulu sinakhalepo ndi wayilesi ya AM yakeyake, monganso maboma ena onse a m'Malawi. Mawu oyamba a m'Chinyanja amene makolo athu anamva pa wayilesi ankachokera ku Lusaka, pa Central African Broadcasting Station, komwe Alick Nkhata ankaulutsa mawu ndi kuimba. Mu 1949 kunabwera kawayilesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, komwe kankagulidwa pa mapaundi 5. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha, mu 1964 kunakhazikitsidwa Malawi Broadcasting Corporation. M'kupita kwa zaka MBC inaimika makina a MW ku Blantyre, Lilongwe, Ekwendeni, Karonga, Mangochi, Bangula ndi malo ena, koma onsewo ankangobwereza mawu ochokera ku Chichiri. Wayilesi za AM zokhala ndi fungo la dera lake tinkazikola usiku kuchokera kutsidya kwa malire, komwe Rádio Moçambique inapatsa chigawo chilichonse nyumba yake youlutsira mawu: ya ku Tete ndi ya ku Lichinga zinkalankhulako Chinyanja, ya ku Quelimane inkalankhulako Chilomwe.

Ngakhale zinali choncho, anthu anaitenga wayilesi imodzi ya dziko lonseyo n'kuisandutsa ya kumudzi kwawo. Bambo akagula wayilesi ya Nzeru, sinkakhala ya banja lake lokha. Madzulo anansi ankadzaza khonde kudikira Kapalepale, alimi ankatchera khutu ku Bwalo la Alimi, amayi ku Zokonda Amayi, ndipo dzina la mudzi wanu likatchulidwa pa Nkhani za M'maboma, kaya pa chabwino kaya pa chamanyazi, linkakambidwa sabata yathunthu. Mabatire akafooka ankayanikidwa padzuwa kuti apirireko mpaka nthawi ya nkhani. Koma pulogalamu imene inkaonetsa bwino ntchito yeniyeni ya wayilesi inali ya Mauthenga Achisoni. Boma lathu ndi laling'ono, la anthu ambiri ndi minda yochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 350,000. Kuyambira kale ana ake akhala akumwazikana: ku maesiteti a tiyi ku Thyolo, ku maesiteti a fodya ku Kasungu, m'mafakitale a ku Limbe. Munthu woteroyo ankamva pa wayilesi kuti mayi ake atisiya ku Namitambo, mwambo wa maliro uli mawa. Iye akakhala kuti alibe wayilesi, mnzake amene wamva ankathamanga kukamuuza. Womvayo sankalipira ngakhale tambala.

Apa ndiye pagona nkhani. Pa chikhalidwe chathu pali mauthenga ena amene sagulitsidwa. Pamudzi pakagwa zovuta, amfumu akangodziwitsidwa, anyamata amatumidwa kukanena maliro m'midzi yonse yozungulira, ndipo pamsewu pamaikidwa masamba kuti ngakhale mlendo wodutsa adziwe. Sasankha kuti uyu ndi wolemera, uyu ndi wosauka. Ngakhale munthu amene munayambana naye pa nkhani ya malire a munda mumamuuza ndithu, ndipo kumubisira ndi mlandu wofika pabwalo. Chimodzimodzi fisi akaoneka kudambo kapena mtsinje ukadzaza: woona amakuwa, ndipo sayamba wafunsa kuti ndani ali ndi ndalama yomvera. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Tanthauzo lake lina ndi lakuti unansi umadziwika ndi chenjezo. Amene waona ngozi n'kukhala chete wadzichotsa yekha pa unansi. Wayilesi ya AM, ndi mawu ake othethekawo, inkachita ntchito ya mnyamata wonena maliro uja: inkafika paliponse, kwa aliyense, pa nthawi imodzi.

Komatu tisaiwale mbali ina ya mbiriyi, kuopa kuti chikumbumtima chathu chingatiseke. Wayilesi imene inkafika paliponse ija inali ndi pakamwa pamodzi. Kwa zaka 30 nkhani zinkayamba ndi Ngwazi, ndipo zimene boma silinkafuna kuti zimveke sizinkamveka. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zilankhulo za dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wayilesi. Agogo a Chilomwe ndi a Chiyao, omwe ndi ochuluka m'boma lino, anakalamba osamva wayilesi ya dziko lawo ikuwerenga nkhani m'chilankhulo cha makolo awo, mpaka mu 1996. Chitumbuka chinali chitabwerera mu 1994. Kalata ya maepiskopi a Chikatolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992, amene ankafuna kudziwa zoona zake ankatseka zitseko n'kupotokola kabatani kupita ku SW, kusaka BBC kapena wayilesi ya ku South Africa yolankhula Chichewa, imene chaka chomwecho inasintha dzina kuchoka pa Radio RSA kukhala Channel Africa. Nayonso njira imeneyo inatsekeka pamene makina a ku Meyerton anazimitsidwa mu 2019. Tsono tinene mosabisa: m'masiku a AM aliyense ankamva, koma palibe amene ankamveka.

Ufulu wa zipani zambiri unabwera ndi FM. MBC inatsegula Radio 2 mu 1997. Lamulo la 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA loti lizipereka ziphaso, ndipo posakhalitsa kunabadwa Power 101, Capital FM, Radio Maria, Radio Islam, kenako Zodiak mu 2005, ndi zina zambirimbiri. Munthu wamba anayamba kuimba foni pa wayilesi n'kudzudzula nduna poyera, chinthu chimene bambo ake sakanayerekeza ngakhale kumaloto. Uku ndi kupambana kwakukulu, ndipo palibe munthu wanzeru amene angafune kubwerera. Koma walira mvula walira matope. Wayilesi yamalonda imakhalira ndalama za otsatsa malonda, ndipo otsatsa malonda amatsata ogula. Choncho mlongoti umaimikidwa poyang'ana tauni, ndipo mapulogalamu amakonzedwa poganizira munthu wa ndalama m'thumba. Mayi wogulitsa mpiru pa Mbulumbuzi sawerengeredwa kwenikweni, pakuti palibe kampani imene ingalipire kuti imulankhule.

Pamwamba pa izi panabwera foni. Kalembera wa 2008 anapeza kuti mabanja pafupifupi 64 pa 100 alionse anali ndi wayilesi. Pofika mu 2018 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 34, pamene mabanja okhala ndi foni anali pafupifupi 52 pa 100 alionse. Ena mwa iwowa amamverabe wayilesi pa foni pomwepo, koma foni imakola FM yokha. AM imafuna kachitsulo kokulungidwa waya komwe opanga mafoni saikamo. Choncho njira yakale ija yafa pawiri: woulutsa waitaya chifukwa cha kudula, womvera waitaya chifukwa alibe pomvera. Ife ogwira ntchito m'maofesi a boma ndife mboni za kusinthaku. Uthenga wa katemera, wa tsiku logula feteleza wotsika mtengo kapena wa msonkhano wa chitukuko, kawirikawiri umayamba kuyenda pa WhatsApp. Umafika msanga kwa mphunzitsi, mlangizi ndi khansala. Koma WhatsApp imafuna foni yamakono, bandulo, netiweki, moto m'batire ndiponso kudziwa kuwerenga. Zipata zisanu zimenezi munthu wosauka ayenera kuzidutsa asanamve chimene kale ankachimva atangokhala pakhonde la mnansi wake. Lero ambiri akumveka, koma kumva kwakhala kolipira.

Kodi zimenezi zili ndi kanthu? Mwezi wa Marichi 2023 unatiyankha. Namondwe wa Freddy anagwetsa mvula ya masiku angapo osalekeza m'chigawo cha kummwera, ndipo anthu opitirira 1,000 anataya miyoyo. M'boma lino napolo anatsika m'phiri n'kukokolola mudzi wa Ntauchira, m'dera la Mfumu Yaikulu Likoswe. Magetsi anazima m'madera ambiri, misewu ndi milatho zinaduka, mafoni anatha moto. Nthambi yoona za nyengo inali itachenjeza, ndipo wayilesi zinaulutsa machenjezowo. Sindikunena kuti wayilesi ikanaimitsa phiri. Chimene ndikunena ndi chakuti m'masiku amenewo chipangizo chimene chinapitiriza kugwira ntchito m'nyumba zambiri chinali wayilesi ya mabatire, ndiponso kuti chenjezo lochokera kutali limatchula mayina a maboma, osati a mitsinje. Likhoza kunena kuti anthu a ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe asamale. Silinganene kuti khwawa lakutilakuti layamba kutulutsa madzi amatope, a mudzi wakutiwakuti thawirani kusukulu yakuti, mlatho wakuti musauyerekeze. Zoterezi amanena ndi mnansi yekha, wodziwa dera ndi mayina ake.

Pamenepa tikuona kuti ngongole ya uthenga ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi yakuti uthenga ufike, ngakhale kuseri kwa phiri, ngakhale kwa wopanda ndalama. Mbali yachiwiri ndi yakuti wolankhulayo akhale wodziwa anthu ake, wolankhula chilankhulo chawo, amenenso iwo angamuyankhe. AM ya m'nthawi ya chipani chimodzi inakwanitsa mbali yoyamba yokha. FM yamalonda ndi intaneti zakwanitsa theka la mbali yachiwiri, n'kufooka pa yoyamba. Chimene chikuyesa kugwira mbali zonse ziwiri ndi wayilesi za m'madera. Dzimwe, yomwe inayambira ku Monkey Bay kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi thandizo la UNESCO, inatsegula njira. Kenako kunabwera ya ku Nkhotakota, ya ku Mzimba, Mudzi Wathu ku Mchinji, Mzati ku Mulanje ndi zina. Izi ndi za FM, koma mtima wake ndi wa wayilesi za m'matauni ang'onoang'ono zomwe anzathu a ku America akulira. Zimalengeza mbuzi yosowa, mtengo wa nandolo pamsika, tsiku la sikelo ya ana. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, maphunziro a ana a pulayimale anadzera pa wayilesi, ndipo za m'madera zinathandiza nawo.

Wina anditsutsa kuti: "Inu mukulota. Dziko losauka ngati lino lingataye bwanji ndalama pa zitsulo zimene Azungu eni ake akuzitaya?" Funsoli ndi lomveka, ndipo sindikupempha kuti boma lililonse limangiridwe mlongoti wa MW. Makina ang'onoang'ono a FM, oyendera sola, oikidwa pamwamba pa phiri, akhoza kufikira midzi yambiri pa mtengo wochepa. Chokhacho, dziko limene limakanthidwa ndi anamondwe kawirikawiri, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023, liyenera kuganiza kawiri lisanataye njira yokhayo imene makina amodzi amatha kulankhula ndi chigawo chonse milongoti ina itagwa. Nkhokwe sitiigwetsa chifukwa chakuti chaka chino takolola. Winanso anena kuti wayilesi ya m'dera ikhoza kugawa anthu pa mitundu, ndipo atikumbutsa za RTLM ya ku Rwanda, imene mu 1994 inkalozera achiwembu kumene anthu abisala. Nalonso ndi chenjezo loona. Koma mpeni ukacheka munthu sitiletsa mipeni m'dziko. Timaonetsetsa kuti uli m'manja mwa ndani. Wayilesi ya m'dera ikagwa m'manja mwa wandale mmodzi kapena mtundu umodzi yaleka kukhala ya m'dera, yasanduka chinkuzamawu cha mwini wake.

Vuto lenileni la wayilesi zimenezi ndi umphawi. Aulutsi ambiri ndi achinyamata ongodzipereka, omwe akaphunzira ntchito amathawira m'tauni. Makina akapsa ndi mphezi, wayilesi imatha milungu ili chete. Ndalama zambiri zimachokera ku mabungwe omwe amagula nthawi ya mapulogalamu awo, ndipo ntchito ya bungwe ikatha, wayilesi imatsala manja ali m'khosi. Mu 2022 MACRA inalanda ziphaso za wayilesi zingapo chifukwa cha ngongole za ziphasozo, ndipo mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 pa 100 iliyonse, zomwe zinakweza mtengo wa chipangizo chilichonse chochokera kunja. Ngati wayilesi zamalonda za m'mizinda zikupuma movutikira chonchi, nanga ya kumudzi, imene omvera ake ndi alimi a chimanga ndi nandolo?

Tsono ngongoleyi alipire ndani? Ine ndikuti tonse, aliyense mbali yake. Boma lili ndi poyambira, pakuti lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund, lomwe cholinga chake ndi kufikitsa mauthenga kumene amalonda saonako phindu. Makhonsolo a maboma, amene amakonza ndalama za misika ndi mijigo, ayenera kuona wayilesi ya m'dera ngati mjigo wina: chinthu cha onse chimene chimafuna kukonzedwa. Koma apereke ngati mmene amaperekera mjigo, osati kugula pakamwa pa muulutsi kuti aziwatamanda. Mipingo ndi mizikiti, mafumu, amalonda a pa Namadzi ndi pa Boma, ana a m'boma lino amene ali ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, onsewa amasonkha pa maliro popanda wowakakamiza. Chingawalepheretse n'chiyani kusonkhera chinthu chimene chingachepetse maliro? Ndipo omvera eni ake ali ndi gawo. Magulu omvera wayilesi, monga aja a pulogalamu ya Kanthu N'khama, anaonetsa kuti anthu akumudzi akhoza kujambula madandaulo awo, akuluakulu a boma n'kuwayankha dziko lonse likumva. Mutu umodzi susenza denga.

Ife alembi nkhaniyi ikutikhudzanso. Ambiri mwa ife tinayamba kukonda Chichewa chokoma tisanagwire buku, pomvera masewero, ndakatulo ndi nthano pa wayilesi. M'dziko limene mabuku ndi odula ndipo nyumba zowerengeramo mabuku ndi zowerengeka, wayilesi ndiyo yakhala laibulale ya munthu wosadziwa kuwerenga. Tikalola kuti mawu aulere azime, tidzakhala tikulembera anzathu ochepa okhala ndi bandulo, n'kumadabwa kuti chilankhulo chathu chikuwonda.

Zilembo ziwiri zija, AM, mwina zidzafufutika ndithu pa wayilesi zonse, ndipo adzukulu athu sadzadziwa kuti zinkatanthauzanji. Zimenezo zilibe mlandu. Mlandu udzakhalapo ngati pofufuta zilembozo tidzafufutanso lamulo lakale lija, lakuti uthenga wa moyo ndi imfa sugulitsidwa ndipo sudumpha khomo la munthu. Chitukuko cha mauthenga tisachiyeze ndi kuchuluka kwa wayilesi zimene munthu wa mu Blantyre angasankhe, kapena liwiro la intaneti ya mu ofesi. Tichiyeze ndi gogo wa kuseri kwa phiri la Malabvi, usiku wa mvula, magetsi atazima: kodi alipo amene akumulankhula, m'chilankhulo chimene amamva, n'kumutchulira dzina la mtsinje wa kumunsi kwa nyumba yake?